Mkamwini ndi Mizu ya Apongozi

Laston anamva za chikasu cha mwana wake kwa amayi a pamjigo, osati kwa a pakhomo pake. Anali atapita ndi njinga kukatunga madzi, ntchito imene ankaigwira yekha chichirireni mkazi wake, pamene mayi wina anayamba kumupepesa.

"Pepanitu bambo, tamva kuti kamwana maso ayamba chikasu. Koma inu muli ndi mwayi, mankhwala ake ali pakhomo pomwepo. A Fainess salephera."

Laston anathokoza ngati munthu wodziwa kale nkhaniyo, n'kumanga zigubu pakaliyala.

Kwawo kunali ku Kaduya, koma anakwatira chikamwini kufupi ndi Chiringa, pamudzi wa apongozi ake aakazi, mayi Fainess. Nyumba ya njerwa zootcha imene inali pakati pa mudziwo anamanga ndi iyeyo, yakale itagwa ndi madzi osefukira. Munda wa nandolo ankalima ndi iyeyo. Koma mkazi wake Zelifa atachira mwana wamkazi, woyamba m'banjamo, sanabwerere m'nyumba ya njerwayo. Mayi ake anamulowetsa m'chikuta, m'kanyumba kawo ka udzu, momwe mayi ndi khanda amabindikira mpaka mchombo utagwa. Zenera analitseka ndi thumba kuopa mphepo. Mwamuna salowamo, choncho nkhope ya mwana wake Laston anaiona kamodzi kokha, pakhonde la chipatala.

Atatula madzi anakanyonyomala chapatali ndi khomo la chikuta, monga achitira mkamwini waulemu. Mayi Fainess anali pansi pa mtengo wa mango akupala mizu ndi mpeni, nkhope atalozetsa kwina.

"Amayi, ndamva kuti mwana sali bwino."

"Mwamva kuti?"

"Kumjigo."

"Ndiye bwererani kumjigo komweko akakuuzeni zotsala." Anaponya muzu m'beseni la madzi. "N'chikasu basi. Zelifa yemweyu anabadwa nacho, mlongo wake nayenso. Ndinawasambitsa mizu imeneyi, n'kuwadonthezera pakamwa, chinatuluka ndi mkodzo. Ana ambiri a mudzi uno adutsa m'manja mwangamu. Inu mwalera angati?"

Zimenezo zinali zoona. Mizuyo mayi Fainess ankakumba okha m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndipo dzina la mtengo wake sankauza munthu. Akaiviika, madzi ankasanduka achikasu, iwo n'kumati chikasu cha m'madzi chimakoka cha m'thupi. Mayi wa khanda ankamupatsa nzimbe kuti azitafuna, mkaka utsekemere. Amayi ambiri ankabwerera kudzathokoza, ana awo ali kumbuyo, onenepa bwino.

"Ndimati mwina tikamuonetseko kuchipatala, uku mankhwala anu akugwira ntchito."

"Mwana wa mchombo wauwisi satuluka panja. Mukufuna akakumane ndi anthu oyenda zawo mumsewu? Kazipitani mukaone nandolo, za kuno sizikukukhudzani."

Anapita. Masiku otsatira ankangomvetsera kudzera kukhoma. Kulira kwa mwana kutachepa anasangalala, poganiza kuti mizu yagwira. Ndiye masana ena, mayi Fainess atakwera kuphiri kukakumba ina, Zelifa anatsegula chitseko pang'ono n'kumuitana chapansipansi.

"Bambo a mwana, tabwerani mudzamuone. Koma musamugwire."

M'kanyumba ka mdimamo khandalo linkaoneka ngati khanda lililonse. Zelifa atalisendezera pamene pankalowa dzuwa, Laston anagwira khoma. Maso a mwanayo anali ngati mkati mwa dzira lophika. Chikasucho chinali chitatsika pachifuwa, pamimba, mpaka m'zikhatho ndi kumapazi.

"Akuyamwa?"

"Akungogona. Ndikamuika bere akungolinyambita n'kulisiya. Akadzuka akulira mawu ena ake, osongoka, n'kumapinda msana chakumbuyo." Misozi inayamba kutsika, Zelifa osaipukuta. "Amayi akuti ndi mankhwala akulimbana ndi matenda."

"Mubereke tizipita. Njinga ili apo."

"Popanda amayi? Popanda atsibweni? Ndikabwerera pati ine, a Laston?"

Mayi Fainess anawapeza akukokana mawu chomwecho, chitseko cha chikuta chili chotsegula, mkamwini phazi limodzi lili m'kati. Anatula dengu pansi. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, anamuyang'ana Laston kumaso. Sanalankhule naye. Anapita okha kukatenga mlongo wawo, a Wyson, amene anali mwini mbumba, ndiye kuti mawu otsiriza pa mwana aliyense wobadwa pamudzipo anali awo.

Awiriwo anayamba akambirana m'Chilomwe, chimene Laston ankangotolako mawu apa ndi apo. Kenako a Wyson anakoka mpando n'kutembenukira kwa iye.

"Akamwini, khalani pansi. Mankhwala awa sanakanepo mwana. Akakana, ndiye kuti vuto si chikasu chokha. Mwana uyu watsemphedwa."

Za tsempho Laston ankazidziwa. Amati bambo akagona ndi mkazi wina pamene wake ali woyembekezera kapena ali m'chikuta, amabweretsa moto pakhomo, ndipo khanda limadwala matenda osamva mankhwala mpaka bamboyo ataulula.

"Mkazi wanu ali wotopa munapita ku Mozambiki kukagula chimanga," a Wyson anapitiriza. "Munagona komweko. Munagona pati?"

"Pakhonde la sitolo, atsibweni, pamodzi ndi anzanga. Mukhoza kuwafunsa."

"Amuna oyendera limodzi ndiwafunse chiyani? Nanenso ndinayendapo maulendo amenewo."

"Sindinagwirepo mkazi wina chilowereni pakhomo pano. Mulungu akundiona."

"Ndiye mukuti amene akupha mdzukulu wanga ndine?" Anali mayi Fainess. Ankalira zenizeni, osati zoonetsera. "Ndakwera phiri ndi miyendo yotupa iyi. Chakudya sichikutsika kukhosi kwanga. Inu mwangotsala ndi mawu amodzi okha kuti mwana amasuke, koma mwawaumira. Ulemu wanu ukuposa mwana?"

"Amayi, zonsezi tikamba tikabwerako kuchipatala. Chonde."

"Mwana sachoka pano nkhani isanatuluke," anatero a Wyson. "Kuchipatala akachita nalo chiyani tsempho? Akafera panjira, maliro ake akhala a yani? Mwana ndi wa kuno. Inu munabwera ndi chikwama."

Anthu anali atayamba kusonkhana m'mphepete mwa bwalo. Laston anaganiza zongolowa n'kumukwatula mwanayo, koma khanda lopanda bere akanafika nalo kuti? Zelifa anali chiimire pakhomo, maso akuyenda pakati pa iye ndi mayi ake. Pamenepo mwana analira m'manja mwake, kulira kosongoka kuja ngati kwa mbalame yogwidwa, n'kudukiza mwadzidzidzi.

"Ndikaulula, mumulola apite?" Laston anafunsa.

A Wyson anayang'ana mlongo wawo. "Mukaulula, moto wazima. Akhoza kupita kulikonse."

Laston sanathe kuyang'ana mkazi wake. Anayang'ana fumbi la pamapazi pake.

"Ndinagona naye mkazi. Ku Mozambiki komweko."

"Ndani?"

"Wogulitsa mandasi pamsika. Dzina sindinafunse."

Zelifa anatulutsa mawu ngati munthu woponda minga, n'kubwerera m'kati, chitseko n'kuchimenyetsa mpaka udzu unayoyoka padenga. Amayi a m'mphepete aja anawomba m'manja kamodzi, ena n'kulavula. Mayi Fainess sanataye nthawi. Anabweretsa beseni, Laston n'kusambamo m'manja, iwo n'kukapaka mwana madziwo pamutu ndi pachifuwa. Kenako anamubereketsa Zelifa ndi manja awo, n'kuitanitsa njinga yamoto. Zelifa anakwera ndi mayi ake. Laston anawatsatira pambuyo akupalasa yake, fumbi lawo likumulowa m'kamwa.

Kuchipatala chaching'ono sanawasunge. Anangoyang'ana zikhatho za mwanayo n'kuwakweza ambulansi kupita kuchipatala chachikulu. Kumeneko khandalo analivula, analiphimba m'maso, n'kuligoneka pansi pa nyale za buluu. Mkaka Zelifa ankafinyira m'kapu, mwana n'kumalandira kudzera m'kapaipi ka m'mphuno.

Namwino wina wachikulire anawaitana awiriwo pambali, mayi Fainess ali kunja kophikira.

"Chikasu chochepa ana ambiri amabadwa nacho, chimatha chokha akamayamwa bwino. Ichi n'china. Chinali chitayamba kukwera kumutu. Munamumwetsa chiyani?"

"Mizu," Zelifa anayankha motsitsa.

"Musadzamumwetsenso. Khanda chakudya chake ndi bere basi. Ndipo mumve bwino nonse awiri. Magazi a mayi ndi a mwanayu sakugwirizana, ndiye n'kutheka kuti wotsatira adzabweranso chonchi. Mukadzangoona maso asintha, musadzadikire mchombo."

Zelifa anagwedeza mutu, osayang'ana mwamuna wake. Masiku onse a kuchipatalako sanamulankhule. Laston akabweretsa nthochi, ankazipeza mawa lake pamene anazisiya. Mwana anayamba kuyamwa, chikasu chinabwerera pang'onopang'ono kuchoka kumapazi, kenako pamimba, pomaliza m'maso. Anamutcha Rozaria, dzina la mayi awo a mayi Fainess. Laston sanafunsidwe.

Atabwerera kumudzi anapeza nkhani itapsa kale. Anthu ankati, "Mwaona? Bambo atangoulula, mwana uyo wachira." Za nyale za buluu panalibe wozitchula. Amayi ankabwera kudzaona khanda n'kumagwira chanza mayi Fainess, akuti anaona patali. Laston akadutsa, atsikana ankafunsana mokweza ngati mandasi a lero apsa.

Loweruka lina ankhoswe anakhala pansi pa mango paja. Kuchimuna kunabwera a Goodman, mkulu wake wa Laston, amene anapalasa njinga kuchokera ku Kaduya. A Wyson analankhula mofatsa. Anati banja silitha chifukwa cha zimenezi, mwana wachira, iwo sakufuna zambiri. Mkamwini agwade pamaso pa apongozi ake, abwereze zimene ananena, apepese, apereke nkhuku, basi Zelifa abwerere m'nyumba ya njerwa.

A Goodman anamugunda ndi chigongono. "Iwe, zapepuka izi. Kwathu akanakulipitsa mbuzi. Gwada tizipita."

Laston anaimirira, koma sanagwade.

"Ndinanama."

"Wati chiyani?" anafunsa a Goodman.

"Mkazi wa mandasi kulibe. Ndinamupeka pomwe pano, nditakhala apo, chifukwa mwana amafa ndipo munatseka njira. Munati ndikaulula apita. Ndinaulula, anapita."

"Ndiye anachira bwanji?" anafunsa a Wyson.

"Anachira ndi nyale za kuchipatala. Zelifa analipo, anamva zimene namwino ananena."

"Laston, khala pansi," a Goodman ananong'ona. "Unanena kale kamodzi, kubwereza kukupweteka chiyani? Ndi mawu chabe."

"Achimwene, akuti wotsatira akhoza kubweranso ndi chikasu chomwechi. Ndikagwada lero, ndiye kuti ndavomera kuti mizu inalibe vuto, vuto ndinali ine. Mwana winayo adzamutsekeranso mumdima, adzamumwetsanso, ine adzandifunsanso kuti ndinagona pati. Ndidzapeka wogulitsa chiyani ulendo umenewo? Nanga ndikadzachedwa kupeka?"

Anatembenukira kwa apongozi ake, n'kuchita chimene mkamwini sachita. Analankhula nawo maso ndi maso.

"Amayi, sindikuti munafuna zoipa. Ndinakuonani mukulira. Koma mizu yanu imachiritsa ana amene akanachira okha. Uyu akanafa m'manja mwanu."

Mayi Fainess anakhala ngati amenyedwa khofi. Kenako anagwira mutu ndi manja awiri n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro, akutchula mayina a ana amene anawasambitsa, mmodzimmodzi, ena a iwo ali chiimire pomwepo ndi ndevu zawo.

"Onsewa ndinawanamiza? Moyo wanga wonse ndakhala ndikukwera phiri pachabe? Zelifa, mwana wanga, ndine mfiti ine? Ndimafuna kukuphera mwana?"

A Wyson anadikira kuti kulira kutsike.

"Zelifa, munthu uyu wanena ziwiri. Kaya ananama tsiku lija, kaya akunama lero. Mwamuna ndi wako, mayi ndi ako. Tiuze."

Zelifa anali atakhala pamphasa, Rozaria ali pabere. Anayang'ana mayi ake, amene anali atagwa chammbali, mpango utavuka, imvi zili poyera. Anayang'ana mwamuna wake. Misozi inagwera pamutu pa mwanayo.

"Ine ndinamva ndi makutu anga zimene ananena tsiku lija."

"Basi," anatero a Wyson. "Chigololo tikanakhululuka. Koma munthu wotukwana apongozi ake pabwalo sangadye za munda uno. A Goodman, mutengeni m'bale wanu."

A Goodman anapempha, anagwada iwowo m'malo mwake, anati mnyamatayu mutu wasokonezeka ndi zakuchipatala. Sizinathandize. Pomaliza anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kuuza Laston kuti akamudikira kumsewu.

M'nyumba ya njerwa munalibe zambiri zoti atenge. Zovala, bulangete, wailesi, nkhwangwa imene anabwera nayo. Mabedi ndi malata zinali za pamalopo. Ali m'kati momanga katundu anamva chitseko chikutsekedwa pang'onopang'ono kumbuyo kwake. Anali Zelifa, mwana ali kumsana.

"Ndikudziwa kuti munanama."

Laston anasiya chingwe.

"Wogulitsa mandasi? Inu amene mumati mafuta a mandasi a mumsika amakutsegulani m'mimba?" Anaseka pang'ono, kuseka kosakanikirana ndi kulira. "Tsiku lija ndinakhulupirira, sindikana. Ndinafuna kufa. Koma kuchipatala kuja, namwino akulankhula, ndinakuyang'anani m'mbali. Ndinadziwa."

"Ndiye bwanji sunanene pabwalo paja?"

"Ndikanati inu mulibe mlandu, mlanduwo ukanagwera yani?"

"Ukanagwera pamene uyenera."

"Amayi aja simukuwadziwa. Bambo anawasiya ife tili aang'ono. Anthu ankawatcha mayina. Chimene chinawapatsa ulemu pamudzi uno ndi mizu imeneija, palibenso china. Mwawauza pamaso pa anthu kuti n'zachabe, komabe akhoza kunena kuti ndi mkamwini wamwano. Ndikanena ine, mwana wawo, kuti anatsala pang'ono kundiphera khanda, sadzadzukanso. Inu muli ndi kwanu, a Laston. Iwo kwawo ndi ine."

"Ndiye ine ndizipita ndi dzina la wachigololo amene anatsempha mwana wake."

"Mukanangogwada."

"Ukudziwa chifukwa chake sindinagwade."

"Ndikudziwa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mwina munachita bwino. Koma mwachita bwino nokha, ife mwatisiya."

Laston anamugwira dzanja. "Tiye ku Kaduya. Lero lomwe. Achimwene akunyamula iwe, ine ndinyamula katundu."

"Kukalima munda wa yani? Wa alongo anu? Ndikakhale mlendo wopempha pothira mbewu, Rozaria akule wopanda malo? Malo ake ali pano." Anachotsa dzanja lake mofatsa. "Musandipemphe zimenezo, mukundipweteka."

"Akadzakula udzamuuza chiyani za ine?"

"Adzamva zimene mudzi udzamuuze, sindingatseke pakamwa pa anthu. Zanga ndidzamuuza akadzakhala ndi pakati pakepake, amayi atapita. Nthawi imeneyo adzamvetsa."

"Zaka zonsezo azidzandiona ngati chiyani?"

Zelifa anamasula chitenje, n'kutembenuza mwana kuti bambo ake amuone. Rozaria anali mtulo, masaya atayamba kudzaza, kamwa likuyamwa mphepo.

"Chimodzi ndikulonjezani," anatero Zelifa. "Mwana aliyense amene ndingadzabereke, kaya ndi wa yani, maso akadzangosintha ndidzathamanga naye osapempha munthu. Atsibweni adzalankhula ndili kale panjira."

Laston anamva zonse, koma mawu amene anamulowa ndi aja akuti kaya ndi wa yani. Zelifa ananena osaganiza, monga munthu amanenera chinthu chimene wachivomereza kale mumtima. Atazindikira anagwira pakamwa, koma sanawabweze. Anaberekanso mwana, anatsegula chitseko, n'kuwoloka bwalo kupita kumene mayi ake anali kulirabe.

Laston anamaliza kumanga katundu. Anakankha njinga osakwera, kudutsa pakati pa nyumba za anthu amene anadya nawo maukwati ndi kukumba nawo manda. Palibe amene anatuluka. Misozi inamupeza atadutsa nyumba yomaliza, ndipo anaima kaye kuseri kwa nthochi mpaka itatha.

Kumsewu a Goodman anali atakhala pamwala akusenda nzimbe ndi mano. Anayang'ana maso ofiira a mng'ono wawo, anayang'ana kakatundu ka pakaliyala.

"Ndinamuona akulowa. Wakuuza chiyani?"

Laston anakweza mwendo panjinga.

"Akuti mwana akuyamwa bwino."